Paipi ya siliva imene inatsekeka pa tsiku la 9: lipoti la bambo wa zaka 72

Ndine kiliniko ofesa wa ku wodi ya abambo, mbali ya odwala ofunika opaleshoni. Chandilembetsa lipotili ndi funso limene layamba kuchuluka pakati pa achibale a odwala athu, makamaka amene ali ndi ana ku Joni kapena ku Mangalande: kodi tikagula paipi ya mkodzo yokutidwa ndi siliva, matenda obwerezabwerezawa atha? Funsoli ndinaliyankhapo mopupuluma, ndipo thupi la bambo amene ndikuwafotokoza pano ndi limene linalipira kupupuluma kwangako. Iwo ndi akazi awo anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe kuti ithandize anzanga apantchito ndi mabanja ena. Dzina, mudzi ndi chipatala sinditchula.

Mmene anafikira

Bambowa ndi mlimi wa mpunga wa kudera la m'mphepete mwa nyanja. Anafika usiku pa njinga yamoto, akazi awo atawagwirira kumbuyo. Thupi linali lotentha kufika 38.9, akunjenjemera, mtima ukugunda ka 112 pa mphindi, BP ili 104/66. Pachinena panali potupa, polimba, posakhudzika. Thumba la mkodzo linali lisanalandire kanthu chiyambire masana, koma thalauza linali litanyowa chifukwa mkodzo unkachucha m'mbali mwa paipi. Fungo lake linali la amoniya, loboola mphuno ngati la m'khola la mbuzi losasesa.

Vuto lawo linayamba miyezi 8 m'mbuyomo, pamene mkodzo unatsekeka chifukwa cha kukula kwa prostate, kachiwalo kamene kamazungulira njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo. Anawaika paipi ya Foley, ija yokhala ndi kabaluni kumapeto kuti isatuluke. Kawiri konse anayesa kuichotsa, mkodzo unakana kutuluka wokha, choncho analembedwa pa mndandanda wa odikira opaleshoni. Shuga alibe, kachilombo ka HIV alibe. Ali mnyamata ankakodza magazi monga ankachitira anzawo ambiri akunyanja, ndipo mankhwala a likodzo anadzalandira atakula kale.

Buku lawo la kuchipatala linandiuza zambiri kuposa zimene anatha kufotokoza okha usiku umenewo. Miyezi yoyamba paipi inkatha mwezi wathunthu popanda vuto. Kenako masiku anayamba kufupika: inatsekeka itatha masiku 14, ina 13, ina 12. Nthawi iliyonse ankawasinthira paipi n'kuwalembera mankhwala opha mabakiteriya, ciprofloxacin kapena Bactrim, mkodzo osautumiza ku labu. Pa masaini a m'bukumo ndinapezapo yanga. Ndinawalembera ciprofloxacin chifukwa cha fungo ndi mtundu wa mkodzo basi, thupi lawo lisakutentha n'komwe.

Mwana wawo wamwamuna amagwira ntchito ku Johannesburg. Atatopa ndi kumva kuti bambo ake akungopita kuchipatala, anagula bokosi la mapaipi 10 n'kulitumiza pa basi. Anali mapaipi a labala, saizi 16, okutidwa ndi siliva komanso chokutira choterera chotchedwa hydrogel kunja ndi mkati. Tsiku limene mayi anabwera nalo bokosilo kudzandionetsa, analimasula m'chitenje mosamala ngati muli mazira.

"Adokotala, mwana akuti awa ndi amankhwala, sagwira matenda. Muziwaika amenewa."

Ndinayankha kuti tiyese, palibe chimene angawononge. Sindinawonjezere mawu ena alionse.

Paipi yoyamba ya siliva inatha masiku 16, banja lonse linasangalala. Yachiwiri inatha masiku 11. Yachitatu ndi imene anabwera nayo usiku uja, pa tsiku la 9.

M'mawa mwake, kutentha kutatsikako, ndinakhala pansi ndi mayi amene anali gadiyani wawo. Zinapezeka kuti chibwerere mapaipi aja, pakhomo panasintha tinthu tingapo. Usiku ankachotsa thumba kuti bambo agone momasuka, n'kupinda paipi kuimanga ndi kalabala. Masana thumba linkakhala pamphasa, nthawi zina pamwendo. Lamlungu ndi tsiku la maliro bambo sankamwa madzi kuyambira m'mawa, kuopa kuti thumba lingadzaze pagulu, ndipo chizolowezichi chinafalikira ku masiku ena onse. Sindikuwaimba mlandu. Anauzidwa kuti paipi ili ndi mankhwala, wachipatala sanatsutse, ndiye anapumulako pa ntchito yotopetsa imene anaigwira kwa miyezi yambiri.

Zimene tinapeza

Kabaluni kanaphwa bwinobwino koma paipi inatuluka movutikira, ikukanda njira, ndipo kunatsatira timagazi. Tinaika ina ya silikoni yekhayekha, saizi 16, imene bowo lake lamkati ndi lalikulupo kusiyana ndi la paipi ya labala ya saizi yomweyo. Munatuluka mamililita 900 a mkodzo wambuu, wa zinyenyeswa. Woyamba kutuluka m'paipi yatsopanoyo ndi umene tinatumiza ku labu, osati wa m'thumba lakale.

Paipi yakaleyo sindinaitaye. Ndinaiika m'mbale n'kuing'amba m'litali ndi mpeni wa opaleshoni, ndipo ndikupempha mnzanga aliyense amene sanachitepo zimenezi kuti adzachite kamodzi. Pa timaso tiwiri ta kumapeto ndi pansi pa kabaluni panali chikhokho chotuwa, chofanana ndi chija chimamatirira m'ketulo yowiritsira madzi a pamjigo amchere. Nditachipekesa pakati pa zala za golovesi chinkalira ngati mchenga. Mkati, kuyambira pa timaso kutsika pafupifupi masentimita 4, bowo linali litadzaziratu moti ngakhale madzi a mu sirinji anakana kudutsa. Nditapala chikhokhocho, pansi pake panali zonanda zoterera ngati ndere za pamwala wa mumtsinje. Siliva anali m'munsi mwa zonsezi, atakwiririka.

Kapepala koyezera pH, mlingo umene umatsika asidi akachuluka mumkodzo n'kukwera akachepa, kanasonyeza 9, pamene wa munthu wabwinobwino umakhala cha m'ma 6. Pa maikulosikopu panali mafinya ambiri, mabakiteriya, ndi timiyala tooneka ngati chivundikiro cha bokosi la maliro, timene ndi chizindikiro cha struvite, mtundu wa mwala umene umaundana mumkodzo wa amoniya. Mazira a likodzo sanaoneke. Malungo analibe. Maselo oyera a magazi anali okwera, 17, mlingo wa magazi (Hb) 11.2, ndipo creatinine, amene amakwera m'magazi impso zikamavutika, anali 186.

Patapita masiku awiri mnzathu wa ku labu anandiitana kuti ndikaone mbale imene anameretsamo mkodzo uja. Mabakiteriya ambiri amamera timadontho tosiyanasiyana. Awa anali atayenda mbale yonse m'mizere yozungulira, ngati mafunde a padziwe ukaponyapo mwala. Ameneyo ndi Proteus mirabilis, ndipo kuyenda kumeneku ndi komwe kumamuthandiza kukwera paipi. Ampicillin, Bactrim ndi ciprofloxacin sizinkamugwira. Nitrofurantoin samugwira mwachibadwa. Ceftriaxone ndi gentamicin zinkamupha.

Sikani inaonetsa prostate ya mamililita pafupifupi 90, impso zonse ziwiri zitatupa pang'ono chifukwa cha mkodzo wobwerera m'mbuyo, ndi chinthu chimene palibe anachifunafuna miyezi yonseyi: mwala wa masentimita 3 m'chikhodzodzo.

Chithandizo

Tinawaika dilipi, tikuyeza mkodzo wotuluka ola lililonse chifukwa impso zikamasuka zimatha kutaya madzi mopitirira. Tinayamba ceftriaxone wa magalamu 2 kamodzi patsiku usiku womwewo, ndipo zotsatira za ku labu zitabwera tinapitiriza mpaka masiku 7. Gentamicin tinamupewa chifukwa cha impso. Kutentha kunatsika patatha masiku awiri, creatinine n'kufika 104 pa tsiku la 6.

Zotsalazo zinali zapakhomo, ndipo ndinazifotokoza kwa bambo ndi mayi onse pamodzi, paipi yong'ambidwa ija ili patsogolo pathu. Thumba lisachoke pa paipi usana ndi usiku. Lizikhala m'munsi mwa chiuno nthawi zonse koma losagunda pansi, ndipo pogona lizikolekedwa pa kamtengo kapena m'chidebe choyera. Kusamba m'manja ndi sopo musanakhuthule ndiponso mukamaliza. Za madzi sindinanene za malita, ndinawapempha botolo la Sobo lopanda kanthu, lija la malita 2. Lidzazidwe m'mawa, lithe dzuwa lisanapendeke, kenako theka lina madzulo, ndipo m'menemo azifinyiramo mandimu. Mandimuwo si mankhwala opha Proteus. Citrate amene alimo amagwira calcium ndi magnesium mumkodzo kuti asaundane msanga, ndipo madzi ambiri amasungunula mkodzo. Gulu la David Stickler ku Cardiff, limene linathera zaka zambiri pa nkhani ya kutsekeka kwa mapaipi, linaonetsa kuti ziwirizi zimachedwetsa kuundana kwa timiyala.

Tinagwirizananso kuti paipi izisinthidwa pa masiku 7 alionse, isanatsekeke, m'malo modikira kuti abwere usiku ali ndululu. Koma chachikulu chinali kukaonana ndi dokotala wa opaleshoni nditanyamula buku lija ndi zithunzi za sikani. Munthu amene ali ndi mwala, impso zotupa komanso matenda amene afika m'magazi sangakhale kumapeto kwa mndandanda. Anavomera. Patatha masabata anayi, titayezanso mkodzo ndi kuyamba mankhwala tsiku la opaleshoni lisanafike, bambo analowa ku fiyeta. Anatsegula chikhodzodzo, kuchotsa mwala wotuwa wonyenyeka m'mphepete, n'kuchotsanso prostate kudzera pomwepo. Tinatsuka chikhodzodzo ndi madzi odutsa m'paipi kwa masiku awiri. Pa tsiku la 10 paipi inachoka, ndipo patapita maola atatu bambo anakodza okha koyamba m'miyezi 9.

Kodi siliva analephera pati?

Mwana wawo anandiimbira pa WhatsApp bambo ali m'wodi. Mawu ake anali a munthu wopwetekedwa mtima.

"Adokotala, ndiye kuti anandigulitsa zabodza?"

Ndinamuuza kuti ayi. Mapaipi anali enieni, osapitirira nthawi, ndipo anachita zimene angathe. Vuto ndi loti tinawapatsa ntchito imene sanapangidwire. Zimene ndinamufotokozera mwachidule ndi zimene ndikufuna kutambasula pano.

Polima ndi chinthu chopangidwa ndi tizigawo tofanana tolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Labala, pulasitiki ndi silikoni zonse ndi mapolima, ndipo pafupifupi paipi iliyonse imene timalowetsa m'thupi la munthu ndi ya zimenezi. Mabakiteriya akapeza malo otere amamatirira, n'kudzikuta ndi zonanda zimene amapanga okha. Mudzi wa mabakiteriya umenewu ndi umene timautcha biofilm. Ali mkati mwake, mankhwala sawafika bwino, asilikali a m'thupi nawonso sawafika. N'chifukwa chake akatswiri anaganiza zoteteza khungu la paipi lenilenilo, kuti mudziwo usamangidwe n'komwe.

Njira yofala kwambiri ndi yoti polima asunge mankhwala n'kumawatulutsa pang'onopang'ono: siliva, chlorhexidine, kapena maantibayotiki monga rifampicin, minocycline ndi nitrofural. Ina ndi ya polima amene satulutsa kanthu koma amaboola khungu la bakiteriya amene wamukhudza. Mu 2001 gulu la Alexander Klibanov ku yunivesite ya MIT ku America linaonetsa kuti galasi lomatidwa polima wotere limapha mabakiteriya ogwerapo. Yachitatu siipha n'komwe, imangokaniza malo oponda. Hydrogel, polima amene amamwa madzi n'kuterera ngati therere, ali m'gulu limeneli. Mu 2012 a ku yunivesite ya Nottingham, motsogozedwa ndi Morgan Alexander ndi Paul Williams, anafalitsa zimene anapeza atadontheza mazanamazana a mapolima osiyanasiyana pa kagalasi n'kuona amene mabakiteriya akulephera kumatirirapo. Paipi ya bambo athu inali ndi njira ziwiri mwa zitatuzi, siliva ndi hydrogel.

M'mbale ya ku labu zonsezi zimaoneka bwino kwambiri. M'chikhodzodzo nkhani imasintha. Paipi ikangolowa, mapuloteni ndi mchere wa mumkodzo zimayamba kuikuta, ndipo bakiteriya akabwera amaponda pa chokutira chatsopanochi, osati pa polima. Siliva amene watuluka amakumana ndi chloride wa mumkodzo n'kusanduka mchere wosasungunuka bwino, wina amagwidwa ndi mapuloteni. Mabakiteriya oyamba kufa amatsala pomwepo n'kukhala mphasa ya obwera pambuyo.

Proteus ali ndi chida china chimene mlimi aliyense angachimvetse. Yureya amene timathira m'chimanga ndi yemweyo amene impso zimataya mumkodzo. Alangizi amati tizikwirira feteleza ameneyu chifukwa akakhala pamtunda, tizilombo ta m'nthaka timamuswa n'kukhala amoniya wouluka ndi mphepo. Proteus amachita zomwezo m'chikhodzodzo pogwiritsa ntchito urease, mankhwala oswa yureya amene amapanga yekha. Amoniya akachuluka pH imakwera, ndipo calcium ndi magnesium phosphate zimene zinali zosungunuka zimaundana kukhala timiyala. Timiyalati timagwera pa paipi, kaya ndi ya siliva kaya ndi ya silikoni, ndipo mabakiteriya amamanga pamwamba pake. Fungo lija, pH ya 9 ija, chikhokho cha m'ketulo chija, zonse zinachokera pamenepa. Pafupifupi theka la anthu okhala ndi paipi nthawi yaitali amakumana ndi vuto la kutsekeka kotereku.

Ndiye panali mwala uja. Mwala wa struvite suli ngati mwala wa kudambo, uli ndi mabakiteriya mkati mwake. Tikamasintha paipi n'kupereka mankhwala tinkangosesa pabwalo, chisa chili m'nyumba. Paipi yatsopano iliyonse inkalowa m'chikhodzodzo chimene mkodzo wake unali kale wa amoniya, Proteus akudikira. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake masiku ankafupikirafupikira, ndipo kuchepetsa madzi kuja kunangofulumizitsa.

Zimene kafukufuku wamkulu anapeza sizikutsutsana ndi zimene tinaona. Pa odwala 100 alionse okhala ndi paipi, atatu mpaka 7 amayamba kukhala ndi mabakiteriya mumkodzo tsiku lililonse, ndipo pomatha mwezi amakhala pafupifupi onse. Mu 2012 magazini ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wa CATHETER, wotsogozedwa ndi Robert Pickard wa ku Newcastle, amene anachitika m'zipatala 24 za ku Britain. Odwala 7,102 anagawidwa mwamaere kuti alandire paipi ya siliva, ya nitrofural, kapena yawamba, ndipo 6,394 ndi amene analowa m'chiwerengero chomaliza. Amene anadwaladi matenda a njira ya mkodzo anali 12.5 pa 100 alionse kwa a siliva, 12.6 kwa a paipi wamba, ndi 10.6 kwa a nitrofural. Siliva sanasinthe kanthu. Nitrofural anachepetsa pang'ono, osafika pa mlingo umene ofufuzawo anaika kuti ndi wopindulitsa, ndipo odwala ake anadandaula kwambiri za kuwawa. Makafukufuku ang'onoang'ono akale amene anatchukitsa siliva ankawerenga mabakiteriya opezeka mumkodzo, osati anthu odwala, ndipo ziwirizi n'zosiyana kutali.

Tikumbukire kuti a mu CATHETER anali odwala a paipi ya masiku ochepa, ambiri a pambuyo pa opaleshoni. Ngati siliva sanathandize pa mtunda waufupi chotero, palibe chifukwa choyembekezera kuti athandize munthu wa miyezi 8 wokhala ndi mwala. Malangizo a 2009 a CDC, bungwe la ku America loona za kupewa matenda, amaika mapaipi amenewa kumapeto: aziganiziridwa pokhapokha chipatala chitachita kale zonse zofunika, monga kuika paipi pokhapo pamene ikufunikadi, kuiika mwaukhondo, kusaidula pa thumba ndi kuichotsa msanga, koma matenda osatsika.

Sindikufuna wina achoke ndi maganizo akuti zipangizo zokutidwa ndi mankhwala n'zachabe, chifukwa si zoona. Ana amene mitu yawo imadzaza madzi amaikidwa kapaipi ka silikoni kochoka mu ubongo kupita m'mimba, kamene timati shanti. Roger Bayston wa ku Nottingham anapeza njira yolowetsera rifampicin ndi clindamycin m'kati mwa silikoniyo. Kafukufuku wa BASICS, wofalitsidwa mu 2019, anatenga odwala 1,605 m'zipatala 21 za ku Britain ndi Ireland. Obwereranso ku fiyeta chifukwa cha matenda anali 6 pa 100 kwa a shanti wamba, 2 pa 100 kwa a shanti ya maantibayotiki, ndi 6 pa 100 kwa a siliva. Chimodzimodzi mapaipi olowa mumtsempha waukulu wa magazi: kafukufuku wa CATCH wa 2016, wa ana ogonekedwa m'mawodi 14 a odwala kwambiri ku England, anapeza kuti a minocycline ndi rifampicin anachepetsa matenda a m'magazi poyerekeza ndi awamba.

N'chifukwa chiyani kumeneko zikutheka? Mmene ndikuonera, kusiyana kuli pa khomo. Mabakiteriya ambiri a pa shanti amalowa tsiku la opaleshoni kuchokera pakhungu. Bala likasokedwa khomo latsekedwa, ndipo mankhwala a m'silikoni amangofunika kugonjetsa ochepa amene analowa, m'masabata oyamba pamene mankhwalawo akadali ndi mphamvu. Paipi ya mkodzo ndi khomo losatseka. Mbali ina ili m'chikhodzodzo, ina ili panja pafupi ndi njira ya chimbudzi, pamphasa, m'manja mwa wokhuthula thumba. Obwera satha, pamene mankhwala a pa paipi amatha. Ndipo ngakhale pa shanti, zimene zatheka ku Britain ndi Ireland sizisamuka zokha. Ku chipatala cha ana cha CURE ku Mbale, m'dziko la Uganda, anayerekeza shanti ya maantibayotiki ndi yotsika mtengo ya ku India pa makanda, ndipo kusiyana koonekeratu pa matenda sikunapezeke.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa kuposa paipi: ciprofloxacin uja ndinalemba. Munthu aliyense wa paipi ya nthawi yaitali ali ndi mabakiteriya mumkodzo, ndipo mkodzo wake umanunkha. Zimenezo pazokha si matenda ofuna mankhwala. Ofuna mankhwala ndi amene thupi latentha, akumva kuwawa m'nthiti chakumsana kapena pachinena, kapena asokonezeka mutu mwadzidzidzi popanda chifukwa china. Tikamalemba chifukwa cha fungo, timapha mabakiteriya ofooka n'kusiya olimba. Kafukufuku wa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2017, anaonetsa kuti pakati pa 2003 ndi 2016, bakiteriya wotchedwa E. coli wa m'magazi wosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anachoka pa 0.7 kufika pa 30.3 pa 100, ndipo wina wotchedwa Klebsiella anachoka pa 11.8 kufika pa 90.5. Bambo athu anachita mwayi kuti ceftriaxone anagwirabe. Akanakhala kuti sanagwire, m'kabati mwathu munalibe zambiri zoti n'kutembenukirako.

Ndikabwereza kuwerenga buku lawo, malo amene tinayenera kuima ndi pamene paipi inatsekeka kachiwiri isanathe masabata awiri. Pamenepo panafunika zinthu zitatu zosadula: kapepala ka pH, kung'amba paipi n'kuyang'ana mkati, ndi sikani ya chikhodzodzo. Zikanationetsa Proteus ndi mwala bokosi la ku Johannesburg lisanakwere basi. Ndipo tsiku limene mayi anamasula chitenje chija, mawu oti "palibe chimene angawononge" sanali oona. Paipiyo payokha sinawavulaze, koma chikhulupiriro chimene inabwera nacho chinachotsa thumba usiku ndi kapu ya madzi m'manja mwawo. Ndinayenera kunena kuti tiika, koma malamulo onse a kasamalidwe akhala momwemo, ndipo chimene tikuthamangira ndi tsiku loti paipi ichokeretu.

Mmene alili tsopano

Patatha masabata 6 anabwera okha pa minibasi. Mkodzo unkatuluka mwamphamvu, wotsalira m'chikhodzodzo unali wochepa, pH inali 6, creatinine 98, ndipo kutupa kwa impso kunali kutatha pa sikani. Ankadandaula kuti timadontho timawapulumuka akatsokomola kapena akanyamula katundu. Ndinawaphunzitsa kulimbitsa minofu ya pansi, ngati munthu amene akugwira mkodzo, kangapo patsiku. Pa miyezi itatu vutoli linali litatsala pang'ono kutheratu. Zotsatira za nyama ya prostate zinabwera mochedwa koma zinali zabwino, khansa munalibe. Botolo la madzi lija akuti amapita nalo kumunda.

Ku wodi kwathu tinasintha zinthu ziwiri. Aliyense wa paipi ya nthawi yaitali timamulembera patsamba lomaliza la buku lake tsiku loika, tsiku lochotsa, ndi chifukwa chochotsera, kuti masiku akayamba kufupika aliyense aone msanga. Ndipo amene paipi yake yatsekeka kawiri mwezi usanathe amayezedwa pH ndi kupita ku sikani asanalembedwe mankhwala alionse, pokhapokha ngati thupi latentha.

M'bokosi munatsala mapaipi 7. Mwana wawo anati tiwasunge, athandize ena. Tinaona tsiku lake lothera ntchito, tinalemba pabokosi kuti ndi a labala kuti asaikidwe kwa amene thupi lawo limadana naye, n'kuwaika pashelefu limodzi ndi mapaipi ena onse a saizi 16. Anathera kwa odwala a opaleshoni amene anafunika paipi kwa tsiku limodzi kapena awiri.